Usasaine za Chigongono Usanakwere Lole

Liwonde,
Lachiwiri masana.

Rozina mwana wanga,

Ndakhala pa benchi ya pa ntchito panga, matayala awiri a njinga za kabaza akundidikira kuti ndiwamate, koma adikire. Mawa ukunyamuka kupita ku kampu ya kampani imene yakulemba ntchito, ndipo chiyambire Lamulungu iwe ndi ine tikungopatsana moni ngati anthu a lendi. Ndikati ndiyankhule pakamwa ndimayamba kukalipa, iwe n'kungoti duu ngati mayi ako, nkhani n'kufera pomwepo. Ndiye ndalemba. Pepala silikuwa, koma usaganize kuti mtima wanga wazizira. Iyayi, ndikadali wokwiya, ndipo uwerenge mpaka kumapeto.

Lamulungu lija titabwera ku Misa unatsegula laputopu pakhonde kuti utionetse ntchito yako yoyamba. Msewu wa fumbi wodutsa kwa Kawinga kutsikira ku madooko a ku nyanja ya Chiuta akufuna kuuthira phula, ndipo iwe akupatsa gawo loti uone ngati zojambula zili bwino, kenaka usaine. Mtima wanga unasefukira. Mwana wa womata matayala, injiniya! Ndiye ndinaona pagalasipo khona lija madalaivala timalitchula kuti Chigongono, paja msewu umatsetserekera ku kamtsinje, ndipo mwalijambula mmene lililimo, kungofuna kulipaka phula pamwamba. Ndinati, "Khona ili limaluma pakati, muliwongole." Unandiyankha chiyani? "Bambo, nambala sizinama. Izi ndi za m'kalasi, si za pa siteji." Pamaso pa mayi ako, pamaso pa anthu a mumphakati amene anabwera kudzakutsanzika! Wina mpaka anabisa kuseka m'chitenje. Za pa siteji, eti? Ine amene ndagona pansi pa malole kuposa masiku amene iwe wakhala pa desiki?

Kunyozedwa ndikhoza kumeza. Ndamezapo zambiri, kuchokera kwa mabwana, kuchokera kwa anyamata a minibasi amene amangondiponyera tayala osapereka ndi moni womwe. Chimene sindingameze n'chakuti dzina limene ndinakupatsa ine likalembedwe pansi pa pepala lovomereza khona limenelija. Panopa fumbi ndi mabampu ndiye zikupulumutsa anthu pamenepo, chifukwa palibe amene angathamange. Mukathira phula, lole ya nsomba izibwera ikuuluka, dalaivala akuimba mluzu, amayi ali pamwamba pa katundu, ndipo Chigongono chizidzawadikira pomwe chakhala chikudikirira anthu. Usasaine, Rozina. Mawu amenewa ndiwabwereza mpaka utope nawo.

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'chakuti zimene ndikunenazi unazitsimikiza ndiwe wemwe. Uli chaka chachiwiri ku koleji unabwera pa holide ndi buku lonenepa la kayendedwe ka zinthu, unkangolitembenuza uku ukudzikanda m'mutu. Ndinakufunsa chimene chikukuvuta, ndipo unajambula pansi ndi kamtengo pompano pa benchi ino. Unati chinthu chikamayenda mokhota pali njira zitatu zochiyezera. Yoyamba, umakhoma chikhomo pamalo amodzi n'kumanena kuti chinthucho chili mamita angati kum'mawa, angati kumpoto. Yachiwiri, umaima pakati pamene chinthucho chikuzungulira, n'kumayeza kuti chatalikira bwanji ndiponso chazungulira bwanji. Yachitatu, umakwera chinthucho n'kumayenda nacho, n'kumangofunsa ziwiri basi, za kutsogolo ndi za kumbali. Unati aphunzitsi anu amanena kuti wosankha poima polakwika amadzaza masamba asanu pa funso la mizere itatu, n'kulakwabe. Ndinaseka tsiku limenelo, chifukwa njira zitatu zonsezo ine ndinazidziwa kale, kungoti sukulu yanga inali yolipira ndi manyazi komanso mafupa. Wayiwala iwe, ine sindinayiwale.

Ya chikhomo ndinaiphunzira ku Balaka ndili mnyamata, ndisanagwire chiwongolero. Ndinkanyamulira anthu oyeza malo tepi ndi zikhomo, iwo akuyang'ana m'makina awo, ine ndikuthamanga m'thengo ndi nyundo. Njira imeneyo ndi yabwino, sindiinyoza. Puloti, mpanda, maziko a nyumba, chilichonse chimene chimangokhala phee, chikhomo sichikunamiza. Vuto langa ndinayamba kuyesa kuti chimayankha zonse. Nditaphunzira kuyendetsa lole, nthawi imene ndinkafunsira mayi ako, ndinaganiza zokaonetsa apongozi kwa Kawinga kuti mwana wawo sakutengedwa ndi munthu wamba. Ndinapita ndi lole ya abwana. Polowera pakhomo pawo panali nkhokwe mbali iyi, khola la mbuzi mbali iyo, njira ikukhota pakati pake. Ndinatsika monyadira, ndinayeza mpatawo ndi mapazi, ndinayezanso lole, ndinapeza kuti patsala malo oti munthu n'kudutsa. Agogo ako aamuna anati, "Achimwene, ingoisiyani kumsewu konko." Ine ndinati, "Ndayeza, bambo." Mutu wa lole unadutsa bwinobwino. Koma matayala akumbuyo satsata mapazi a akutsogolo pokhota, amadula mkati. Anakola nkhokwe yonse n'kuigwetsa, chimanga mbwee pabwalo, nkhuku za mudzi wonse zikuchita phwando. Ndinatha masiku atatu ndikuluka nkhokwe ina, azilamu anga akundipekera nyimbo, ndipo mpaka lero ndikafika kwa Kawinga ana amene sanaone n'komwe amanditchula kuti a Ndayeza.

Muyeso wanga tsiku limenelo sunali wabodza, mwana wanga. Mapazi ndinawerenga bwino. Kungoti ndinayeza lole yoima pamene funso linali la lole yokhota. Usanayambe kuwerengera chilichonse uzidzifunsa kaye kuti chinthu chimene ukuyezacho chaima kapena chikuyenda, ndipo ngati chikuyenda, iwe waima pati.

Yachiwiri ndiye inandipinda zala ziwiri za kumanzere zija unkaziopa uli wamng'ono. Chaka china ntchito ya lole itaima ndinalowa ganyu pa ntchito ina yomanga m'mbali mwa Shire kuno ku Liwonde. Anandiika kuti ndizilozera woyendetsa kireni, makina aja a mkono wautali onyamula katundu m'mwamba. Woyendetsayo anali a Namagowa, munthu wosachedwa ndi zoyankhula. Ine ndinkaima pansi n'kumakuwa, "Chakuno! Cha ku Balaka! Pang'ono cha ku Zomba!" Tsiku lachiwiri anazimitsa injini, anatsika, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati, "Achimwene, makinawa ku Balaka sanapiteko. Amadziwa zitatu zokha: kuzungulira, kutambasula mkono, kukweza. Muzindiuza zimene makinawa angamve." Anandikweza m'kanyumba kawo kuti ndione ndekha, ndipo zoonadi, ukakhala pamenepo dziko lonse limangokhala kutalika ndi kuzungulira. Ndinamva, koma ndinamva theka. Sabata yotsatira kapitawo akutifulumiza, ndinawalozera kuti azungulire uku akutambasula mkono, ndowa ya konkire ili lendelende pa chingwe. Sindinaganize kuti ndowa ikamatalikira, kuzungulira komweko kumaithamangitsa kwambiri, ndiponso imayamba kupatukira kumbali. Inabwera pamene sindinaiyembekezere. Chitsiru ine, ndinayesa kuiimitsa ndi dzanja, inandipanikiza ku matabwa. A Namagowa anandiperekeza okha ku chipatala.

Nditakufotokozera nkhani imeneyi pa holide ija unadumpha, unatsegula buku lako, unandilozera kachidutswa kena ka masamu kamene unati kamatuluka pokhapokha chinthu chikamazungulira uku chikutalikira. Unakuwa kuti, "Bambo, ndi aka kamene kanakuthyolani zala!" Unaseka mpaka misozi, inenso ndinaseka. Tsiku limenelo nkhani zanga sizinali za pa siteji. Zasanduka liti? Pamene akupatsa chipewa choyera cha mainjiniya?

Tsopano yachitatu, ya Chigongono, ndipo apa ukhale pansi. Iwe unali ndi zaka zinayi. Ndinali nditabwerera pa chiwongolero, ndikuyendetsa lole ya munthu wina wa ku Balaka. Dalaivala amene ankatenga nsomba ku Chiuta anadwala, ndiye anatuma ine, msewu ndisanauzolowere. Pa dooko tinapakira milamba yowamba, makumba, matemba, madengu osanjikizana mpaka kupitirira denga la kutsogolo, amayi ogulitsa atakhala pamwamba pake monga amachitira. Tisananyamuke, mayi wina wachikulire anabwera pa zenera langa. Anati, "A dalaivala, ndinu atsopano eti? Mukamayandikira chulu chachikulu cha pa Chigongono muchepetse kwambiri." Ukudziwa chimene ndinawayankha bambo akone? Ndinati, "Mayi, inu samalani nsomba zanu, chiwongolero ndagwira ndine." Ndikamakumbukira mawu amenewo ndimafuna kudzimenya khofi. Mayi amene uja anali atadutsa pamenepo zaka ndi zaka ali pamwamba pa katundu, pamene kupendeka kulikonse kumamveka m'msana. Anali ndi muyeso wabwino kuposa wanga, koma poti anali atavala chitenje chonunkha nsomba ndinamuona ngati wongoyankhula.

Kunali kowala, kouma, mowa sindinalawe, ndipo kamuvi ka liwiro kanali pamalo amodzi chichokere ku dooko, liwiro wamba loti ngakhale ansembe akhoza kuyenda nalo. Khona limenelo limakulandira bwino. Polowa ndi lotakasuka, umapinda chiwongolero pang'ono, thupi limatsamira pang'ono, umati basi ndalidziwa. Ukangodutsa chulu cha kumanzere limadzipinda mwadzidzidzi, chiwongolero chimene unapinda chija sichikwaniranso, ndipo pomwepo msewu umapendekera kunja, ku kamtsinje, m'malo mopendekera mkati. Ndinamva thupi likukanikizika ku chitseko, ndinamva amayi akukuwa pamwamba, ndinamva matayala a kumanzere akusiya nthaka. Lole inagona chammbali. Mulungu anatichitira chifundo, palibe anafa. Koma mayi anandichenjeza uja anathyoka chiuno, ndipo sanakwerenso lole moyo wake wonse.

Ndikudziwa, unandikonza kale. Ati palibe chimene chimakankhira munthu kunja, koma lole imafuna kupita molunjika ndipo matayala ndi amene amalimbana nayo kuti ikhote. Chabwino, tchula mmene ukufunira, ine sindikangana nawe pa mayina. Chimene ndikunena n'chakuti kamuvi ka liwiro sikanasunthe, koma kulimbana kwa kumbaliko kunakula kawiri m'kuphethira kwa diso. Ndi khona limene linasintha, osati phazi langa.

Patapita sabata ziwiri anandiitana ku ofesi ya abwana anga. Kunali injiniya wina amene anatumidwa kukaona malowo, bambo wa malaya oyera, woyankhula mofatsa. Anayala pepala patebulo. Anali atakhoma zikhomo zitatu, china polowa khona, china chapakati, china potuluka, chilichonse ndi nambala zake za kum'mawa ndi kumpoto, n'kujambula uta umodzi wosalala wodutsa zitatu zonsezo. Papepalapo Chigongono chinkaoneka ngati mwezi wongokhala kumene. Anati, "Khona lotakasuka chonchi, lole singagwe pa liwiro limene mukunenalo. Munkathamanga, bambo." Ndinati, "Bwana, limaluma pakati." Anamwetulira, anagogoda pepala ndi chala, anati, "Nambala sizinama." Mawu omwewo, Rozina. Ndiye Lamulungu nditawamva akutuluka pakamwa pa mwana wanga, pakhonde panga, unkafuna ndiombe m'manja?

Bambo uja sananame, ndipo chimene chimandiwawa n'chimenecho. Zikhomo zake zinali pamalo pake. Koma zikhomo zitatu, ngakhale uzikhome m'njira imene yadutsa njoka, ukhoza kuzilumikiza ndi uta wokongola. Poluma penipeni panali pakati pa chikhomo chachiwiri ndi chachitatu, pamene iye sanayeze. Anabwera pa galimoto yaing'ono, anaimika patali pamthunzi, anayenda wapansi. Funso linali la munthu amene ali pa mpando wa lole yodzaza, iye anakaliyankha ataima pa chikhomo.

Cholakwa changa chachikulu ndi ichi. Anandipatsa cholembera. Pepala lina linali litalembedwa kale kuti dalaivala wavomera kuti ankathamanga. Ndikanatha kunena kuti, "Bwana, tiyeni tikwere lole ina yodzaza tikadutsepo limodzi." Koma ndinayang'ana nambala zija, ndinayang'ana malaya oyera aja, ndinakumbukira kuti sukulu ndinalekezera ku pulaimale, ndinachita manyazi. Ndinayamba kudzikayikira ndekha, ndikuti kaya, mwina ndinkathamangadi. Ndinasaina. Ntchito inathera pomwepo, ndipo nkhani ya khona inatsekedwa, chifukwa wolakwa anali atapezeka. Msewu aukonzerenji pamene vuto ndi dalaivala?

Patapita zaka ziwiri azakhali ako a Filomena, achemwali anga amene ankakubereka kumbuyo popita ku msika, anakwera matola kuchokera ku nyanja ndi dengu lawo la matemba. Iwe tinkangokuuza kuti anachita ngozi pamsewu. Malo sitinakuuze. Anafera pa Chigongono, kunsi kwa chulu chomwe chija, pamodzi ndi mayi wina ndi khanda lake. Pa maliro anthu ankatukwana dalaivala, ati ankathamanga, ndipo ine ndinakhala chete pakati pa amuna anzanga ndikudziwa zimene ndikudziwa. Mayi ako amadziwa kuti lole inagwa, amadziwa kuti ntchito inatha. Za pepala limene ndinasaina sadziwa. Ansembe okha anamva, m'chipinda cha kulapa. Wapabanja woyamba kumuuza ndiwe.

Ndiye usandiuze kuti kusaina ndi kanthu kakang'ono. Ine ndinasaina ndisakumvetsa, ndipo ndakhala nacho mumtima zaka zonsezi. Iwe ukamasaina udzakhala ukumvetsa, kapena anthu adzayesa kuti ukumvetsa, ndipo pambuyo pako palibenso amene adzayang'ane. Usasaine usanakwere lole, wamva?

Laputopu yako ndinaiyang'anitsitsa usanaitseke. Sindine wophunzira, koma tebulo la kum'mawa ndi kumpoto ndimalidziwa, ndinakula ndikulinyamulira nyundo. Zikhomo zanu n'zambiri kuposa za bambo uja, ndavomera, koma n'zotalikirana, ndipo pambali pa khona lonselo mwalemba nambala imodzi yokha yosonyeza kutakasuka kwake. Imodzi! Khona limene polowa ndi lina, pakati ndi lina. Za kupendekera kunja sindinaone paliponse. Amene anajambula zimenezo ali mu ofesi ina mtawuni, ndipo ndikhoza kulumbira kuti fumbi la ku Chiuta silinamulowepo m'mphuno. Sindikumuda, anagwira ndi zimene anamupatsa. Koma iwe ukupita pamalopo, ndipo chifukwa chake akutumira kumeneko n'chimenecho, osati kukangoonetsa chipewa.

Pa chinthu chimodzi unanena zoona, ndipo sindichita manyazi kuvomera. Unati ukayeza bwinobwino, kaya uime pa chikhomo, kaya pakati, kaya pa mpando, yankho limatuluka limodzi. Eya. Koma tebulo la zikhomo limakuuza pamene msewu uli. Kuti likuuze mmene msewuwo ukulimbanira ndi lole uyenera kulikumba masamba ndi masamba, ndipo ndani amakumba pamene mzere ukuoneka wokongola pagalasi? Ukayenda ndi lole, funso limenelo ndiye loyamba kubwera, sulifuna ndi nyali. Unandiuza wekha kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika kuti lole ikhote imawirikiza kanayi. Ndiye tawerengera wekha zimene phula lanulo lidzachite pa malo amene lole inagona ikuyenda pa fumbi.

Ukafika, tenga tepi uyende khona lonselo ndi mapazi ako, kutsata mmene matayala amadutsa, uziyeza pafupipafupi, makamaka ukadutsa chulu. Taya madzi pang'ono pamsewu uone kumene athamangire. Funsa amayi a nsomba. Funsa anyamata a kabaza amene amanyamula matumba awiri pa njinga, adzakuonetsa pamene amatsika n'kukankha. Funsa woyendetsa giredala, chifukwa mpeni wa makina ake wapala pamenepo kambirimbiri. Uwapatse moni kaye, uwatchule kuti amayi, abambo, ndipo akamayankhula laputopu ikhale yotseka. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale atakhala wopanda nsapato. Ndipo munthu akadzabwera kwa iwe, chipewa chili m'manja, n'kukuuza m'mawu ake osaphunzira kuti malo akutiakuti amaluma, usadzamwetulire. Kumwetulira kumeneko ndimakudziwa, ndinakulandirapo, ndipo ndinakuperekaponso pa zenera la lole.

Chinanso, usaganize kuti digiri idzakuteteza ku manyazi amene anandigwira ine. Pa kampupo udzakhala wamng'ono pa onse, komanso mkazi. Adzakuuza mokoma kuti, "Achemwali, ingosainani, zimenezi akuluakulu anaziona kale, makina akudikira." Adzayang'ana wotchi. Wina adzanong'oneza mnzake kuti kamtsikanaka kakufuna kuoneka ngati kanzeru. Suyenera kukalipa ngati bambo ako, iwe unatengera mayi ako ndipo n'zabwino. Ungonena mwaulemu kuti, "Bwana, ndipatseni masiku awiri ndikayeze ndekha." Akakana, unene kachiwiri. Cholembera chikhale m'thumba. Ngati ntchito ingathe chifukwa chakuti wapempha kukayeza khona, ithe, ubwere kuno, benchi ino ndi yaitali, tikwanapo. Koma sindikhulupirira kuti zingafike pamenepo. Mabwana ambiri amaopa munthu amene wabwera ndi muyeso m'manja.

Zina zonse, za kudya, za Misa, za anyamata a pa kampu, za neti ya udzudzu, akuuza kale mayi ako kawirikawiri ndipo ine sindionjezera. Nsapato zako za ntchito zija ndazikhomerera pansi, zinali zitayamba kuyasama. Kalatayi uipeza m'kati mwa ya kumanja. Mawa ku depoti akuperekeza mayi ako, ine ndikhala pano, chifukwa ndikabwera tidzayambanso kukangana pamaso pa makondakitala.

Dzulo ndinapita kwa Che Jafali, mnzanga uja wa lole ya buluu amene amatengabe nsomba ku Chiuta. Ndinawafotokozera za phula ndi za iwe. Anangoti, "Loweruka, Mulungu akalola." Popita ku nyanja adzaima pa mphambano ya ku kampu yanu dzuwa litakwera pang'ono. Tidzalidutsa khonalo kawiri, popita lole ili yopanda kanthu, pobwera itadzaza, kuti uone kusiyana kwake. Sudzakhala kutsogolo pa mpando wofewa. Udzakhala kumbuyo pa madengu, pamene amakhala amayi, utagwira chingwe. Che Jafali amalidziwa khonalo ngati khomo la nyumba yawo, adzalowa pang'onopang'ono ndipo palibe chimene chidzachitike, koma ngakhale pang'onopang'onopo msana wako udzamva zimene ndikunenazi. Tikadutsa tidzatsika, ine ndidzagwira tepi, iwe uzidzalemba. Ukadzamaliza masamu ako n'kupeza kuti khonalo lili bwino, usaine, ndipo ine ndidzakupepesa pamaso pa anthu onse amene anamva ndikukutsutsa.

Ndati tidzadutsa, sindinalakwitse. Chiikire achemwali anga m'manda sindinapondekonso pa khona limenelo. Maliro a ku nyanja ndakhala ndikutuma mayi ako, ine ndikunamizira msana. Nditawauza Che Jafali kuti inenso ndikwera pamwamba anangoti aika makwerero. Ndikuopa, Rozina. Ndikwerabe, iwe ubwere kapena usabwere. Koma usandisiye ndidutsepo ndekha.

Ndine,
Bambo ako.